Ndodo, Mthunzi ndi Kukula kwa Dziko: Mbiri ya Phunziro la Zaka 2,200

Pa 21 Juni chaka chilichonse, dzuwa likamayandikira paliwombo, ana asukulu amasonkhana pabwalo la Bibliotheca Alexandrina, laibulale yaikulu ya mumzinda wa Alexandria ku Egypt. Tsiku limeneli mabuku amapuma. Anawo amaimika ndodo padzuwa, n'kumadikira kuti mthunzi wake ufupike mpaka pamene sungafupikenso, kenako n'kuuyeza ndi rula. Pa ola lomwelo, makilomita oposa 800 kummwera, mumzinda wa Aswan, ndodo yofanana nayo imakhala itatsala pang'ono kusoweratu mthunzi. Kusiyana kwa mithunzi iwiriyi n'kokwanira kuti mwana wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa apeze kukula kwa dziko lonse lapansi.

Pa ntchito zonse zamanja zimene aphunzitsi amagwiritsa ntchito pophunzitsa ana zakuthambo, imeneyi ili m'gulu la zakale kwambiri komanso zosalira ndalama. Sifuna makina oonera nyenyezi, sifuna magetsi, ndipo siidikira usiku ana atabwerera kumakwawo. Koma isanafike m'manja mwa ana, inadutsa m'nyumba za mafumu, m'zipululu za ku Iraq ndi pansanja zamiyala za ku China.

Mwini wake ndi Eratosthenes, yemwe anabadwa cha m'ma 276 BC ku Cyrene, mzinda wa Agiriki umene mabwinja ake ali ku Libya lero. Anakaphunzira ku Athens, ndipo ali ndi zaka za m'ma 30 mfumu Ptolemy III inamuitanitsa ku Alexandria kuti adzaphunzitse mwana wake wamwamuna ndi kuyang'anira laibulale ya mumzindamo, yomwe panthawiyo inalibe inzake. Munthuyu ankagwira paliponse: ndakatulo, masamu, mapu, kuwerengera zaka za mbiri yakale. Anzake anamupatsa dzina lachipongwe loti Beta, chilembo chachiwiri pa zilembo za Chigiriki, kutanthauza kuti pa chilichonse ankakhala nambala 2.

Zoti dziko ndi lozungulira sanatulukire ndi iye. Zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo, Aristotle anali atafotokoza kale kuti pa kadamsana wa mwezi, mthunzi wa dziko umene umaphimba mwezi umakhala wozungulira nthawi zonse. Funso lomwe linatsala linali lakuti mpira umenewu ndi waukulu bwanji.

Yankho linachokera kumtunda kwa mtsinje wa Nile. Zinkadziwika kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, pa tsiku lalitali kwambiri pachaka, masana enieni, chipilala choongoka sichinkachita mthunzi. Olemba akale monga Strabo ndi Pliny amatchulanso chitsime cha kumeneko chimene dzuwa linkachiwalira mpaka pamadzi, khoma lake osatchinga mbali iliyonse. Ku Alexandria, tsiku lomwelo, mthunzi unkakhalapo ndithu. Eratosthenes anauyeza m'kachipangizo kotchedwa skaphe, mbale yakuya yooneka ngati chipanda, yokhala ndi kamtengo koimirira pakati, ndipo anapeza kuti dzuwa lapendekeka ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira wathunthu. M'kawerengedwe ka masiku ano, amenewo ndi madigiri 7.2 pa madigiri 360.

Apa m'pamene pagona nzeru yonse. Dzuwa lili kutali kwambiri moti kuwala kwake kumafika padziko kutalunjika mbali imodzi, ngati mizere ya m'kope. Dziko likanakhala lafulati ngati mphasa, ndodo ya ku Syene ndi ya ku Alexandria zikanachita mithunzi yofanana. Koma munthu akabaya machesi awiri palalanje, motalikirana pang'ono, mitu yake imaloza kosiyana pamene nsonga zake zikuloza pakati pa lalanjelo. N'chimodzimodzi ndi ndodo ziwiri zija: kupendekeka kwa mthunzi ku Alexandria n'kofanana ndi ngodya imene ndodozo zikanapanga zikanati zipitirire pansi mpaka kukakumana pakati pa dziko. Choncho ngati ngodyayo ndi gawo limodzi mwa 50, ndiye kuti mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi nawonso ndi gawo limodzi mwa 50 la ulendo wozungulira dziko lonse. Mtundawo unkawerengedwa kuti ndi masitadiya 5,000. Kuchulukitsa ndi 50, yankho linatuluka 250,000. Olemba ena amapereka 252,000, nambala imene imagawika bwino n'kupereka masitadiya 700 pa digiri iliyonse.

Kodi analondola? Akatswiri akhala akukangana pamenepa kwa nthawi yaitali, chifukwa sitadiya sinali yofanana m'madera onse. Ikakhala ya mamita 157.5, yankho lake ndi makilomita 39,375. Ikakhala ya mamita 185, ndi makilomita 46,250. Muyezo wa lero, kuzungulira dziko modutsa kumpoto ndi kummwera kwenikweni, ndi makilomita 40,008. Panalinso zina zimene sizinali bwino: Aswan sali kummwera kwenikweni kwa Alexandria koma wapatukira kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 3, ndiponso ali kumpoto pang'ono kwa malo amene dzuwa limaimadi paliwombo pa tsikulo. Ngakhale zinali choncho, kwa munthu wopanda galimoto, ndege kapena wotchi yodalirika, kufika pafupi chonchi sichinali chinthu chamasewera.

Buku limene Eratosthenes analembamo zimenezi linatayika. Njira yake timaidziwa kudzera mwa Cleomedes, yemwe patapita zaka mazana angapo analemba buku la maphunziro oyambira a zakuthambo, n'kuifotokoza mwachidule kuti ophunzira aimve msanga. Ndiye kuti zimene zinapulumuka mpaka lero ndi zija zinakonzedwera kalasi.

Kwa zaka zoposa 2,000 zotsatira, ntchito yoyeza dziko inali makamaka ya mafumu ndi maboma, chifukwa vuto lalikulu silinali mthunzi koma mtunda. Cha m'ma 830, Khalifa al-Ma'mun wa ku Baghdad anatumiza akatswiri kuchigwa cha Sinjar. Gulu lina linalowera kumpoto, lina kummwera, akuyeza nthaka poyenda mpaka pamene thambo linaoneka kuti lasuntha ndi digiri imodzi. Nambala imene inatchuka kuchokera pa ulendowu, yomwe al-Farghani anailemba m'buku lake, ndi mamayilosi 56 ndi magawo awiri mwa atatu pa digiri iliyonse, ndipo inali pafupi kwambiri ndi zoona. Patapita zaka zoposa 600, Christopher Columbus anaitenga nambala yomweyi koma anaiwerenga ngati mamayilosi a Aroma, omwe ndi aafupi kuposa a Aluya. Dziko linamuchepera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mu 1492 ananyamuka akukhulupirira kuti Asia ali pafupi kumadzulo. Mphunzitsi amene amadula mamalikisi mwana akaiwala kulemba ngati nambala yake ndi ya masentimita kapena mamita ali ndi chitsanzo chabwino pamenepa.

Ku China nako mthunzi unali nkhani ya boma, chifukwa kalendala inali m'manja mwa mfumu. Mabuku akale kumeneko ankaphunzitsa kuti munthu akayenda mtunda wa ma li 1,000 kulowera kumpoto kapena kummwera, mthunzi wa chipilala umasintha ndi cun imodzi, muyezo wotalika ngati chigawo cha chala. Anthu anakhulupirira zimenezi kwa mibadwo yambiri. Mu 724, mu ulamuliro wa Tang, mmonke wa Chibuda Yi Xing ndi katswiri wa boma Nangong Yue anatsogolera ntchito yoimika zipilala zofanana m'malo osiyanasiyana, mpaka kufika kumene lero ndi kumpoto kwa Vietnam. Atayerekeza manambala, lamulo la m'mabuku lija linagwa.

Achina ndi amenenso analimbana ndi vuto limene mwana aliyense amakumana nalo akagwada pansi ndi rula: nsonga ya mthunzi siikhala yakuthwa. Dzuwa ndi lotambalala pafupifupi theka la digiri, choncho kumapeto kwa mthunzi kumachita chimbuuzi, ndipo ndodo ikatalika chimbuuzicho chimakulanso. M'zaka za m'ma 1270, Guo Shoujing anaimika choyezera mthunzi chachitali kasanu kuposa cha masiku onse ku Gaocheng, pafupi ndi Dengfeng m'chigawo cha Henan. Pamwamba pa nsanja anapingasa mtanda, ndipo pansi anayala mzere wa miyala wotalika mamita oposa 30 kuloza kumpoto. Kuti athane ndi chimbuuzi, ankayendetsa kachitsulo kokhala ndi kabowo kakang'ono pamwamba pa miyalayo mpaka chithunzi cha dzuwa chitaoneka pansi, mtanda uja utachidula pakati ngati ulusi. Kalendala imene inatuluka mu 1281 inati chaka chili ndi masiku 365.2425, nambala yomweyo imene kalendala ya Papa Gregory inadzagwiritsa ntchito mu 1582. Nsanjayo ikadalipo.

Ngakhale rula imene ana amayezera mthunzi ndi mdzukulu wa ntchito yomweyi. Mu 1791 dziko la France linagamula kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera ku ikweta kukafika kunsonga ya kumpoto kwa dziko. Kuyambira 1792 mpaka 1798, Jean-Baptiste Delambre ndi Pierre Méchain anayeza mtunda wochokera ku Dunkirk kukafika ku Barcelona, m'kati mwa zipolowe ndi nkhondo, kuti kutalika kwa mitayo kudziwike. N'chifukwa chake kuzungulira dziko kumapereka nambala yooneka ngati yochita kukonza, pafupifupi makilomita 40,000: mita inadulidwa kuchokera pa dziko lenilenilo.

Mu Africa, David Gill, yemwe anakhala mkulu wa malo oonera zakuthambo ku Cape Town mu 1879, analota zoyeza mzere wa madigiri 30 kum'mawa kuchokera ku South Africa mpaka ku Egypt. Oyeza malo anakwera mapiri a ku Zimbabwe ndi Zambia a lero atasenza zipangizo zolemera, ndipo ntchitoyo inatha mu 1954, patapita zaka 40 Gill atamwalira. Mzinda wa Alexandria uli pafupifupi pamzere womwewo.

Pofika pamenepa, akatswiri anali atasiya kudalira ndodo. Mapu anali atalondola, ndipo posakhalitsa masetilaiti anayamba kuyeza dziko ali kumwamba. Koma mapu olondolawo ndi amene anamasula njira ya Eratosthenes. Mtunda, womwe kale unkafuna chuma cha mfumu, tsopano unkapezeka m'buku la mapu la kusukulu. Chotsala chinali mthunzi basi.

Mu 1980, katswiri wa zakuthambo wa ku America Carl Sagan anaionetsa nkhaniyi pa wailesi yakanema m'gawo loyamba la pulogalamu yake ya Cosmos. Anatenga chikatoni chojambulidwa mapu a Egypt, pomwe anaimikapo tizipilala tiwiri, kena pa Alexandria kena pa Syene. Chikatoni chili chowongoka, mithunzi inali yofanana. Atachipinda pang'ono, wina unatalika wina n'kusowa. Anthu mamiliyoni ambiri m'mayiko osiyanasiyana anaona zimenezi, ndipo chinali chinthu choti mphunzitsi aliyense angathe kubwereza m'mawa mwake ndi katoni ya sopo.

Amene anaisandutsa ntchito ya masukulu ambiri pamodzi ndi a ku France. Georges Charpak, yemwe analandira mphotho ya Nobel pa sayansi ya fizikisi mu 1992, anapita ku Chicago mu 1995 kukaona zimene mnzake Leon Lederman ankachita m'masukulu a m'madera osauka, komwe ana ankaphunzira sayansi pogwira zinthu ndi kufunsa mafunso. Atabwerera kwawo, mu 1996 anagwirizana ndi Pierre Léna, katswiri wa zakuthambo, ndi Yves Quéré, n'kuyambitsa ndondomeko yotchedwa La main à la pâte, mawu otanthauza kupisa dzanja mu ufa wokanda. Mu 2000 ndondomekoyi inayamba ntchito yotsata mapazi a Eratosthenes, yomwe inkalumikiza makalasi pa intaneti kuti azitumizirana miyezo ya mithunzi yawo. Kalasi ya ku France inkatha kupeza inzake ya kudziko lina n'kuwerengera limodzi. Kuchokera apo ntchito zofanana nayo zafalikira, ndipo zambiri zimachitika cha pa 21 Malichi ndi 23 Seputembala. Masiku amenewa dzuwa limakhala paliwombo pa ikweta, moti sukulu yosowa inzake imatha kungoyerekeza mthunzi wake ndi wa pa ikweta, womwe umadziwika kale kuti ndi ziro.

Papepala zonsezi zimaoneka zophweka. Pabwalo ndi pamene zimavuta, ndipo kuvutako ndi kumene kumaphunzitsa. Choyamba pafunika malo osalala, monga simenti ya pabwalo la mpira wamanja kapena thabwa loyalidwa bwino. Ndodo ya mita imodzi iyenera kuima chilili, ndipo maso okha sakwanira: ana amamangirira kamwala kuchingwe n'kukalendeweretsa pambali pa ndodo, monga amachitira amisiri omanga nyumba. Kenako amayamba kuika timadontho ta choko pansonga ya mthunzi mphindi zisanu zilizonse. Wina wagwira wotchi, wina choko, wina akulemba m'kope, wina akukalipira mnzake amene waima motchinga dzuwa. Timadontho timayenda pang'onopang'ono kuyandikira tsinde la ndodo, kenako timayamba kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kadontho koyandikitsitsa kamadziwika pokhapokha tinzake totsatira titayamba kutalikira.

Apa ana amatulukira chinthu choyamba chimene sanachiyembekezere. Mthunzi waufupi kwambiri nthawi zambiri sufika 12 koloko yeniyeni. Wotchi imatsatira nthawi imene dziko lonse linagwirizana, pamene dzuwa limatsatira malo amene munthu waima komanso nyengo ya chaka. Chachiwiri amachitulukira poyerekeza manambala. Magulu asanu, ndodo zisanu, bwalo limodzi, koma mayankho asanu osiyana. Wina ndodo inapendekeka, wina anayambira kuyeza m'mbali mwa ndodo yonenepa, wina anasankha kunja kwa chimbuuzi chija pamene mnzake anasankha m'kati. Mphunzitsi wodziwa ntchito sathamangira kunena amene walondola. Amawasiya akangane, apeze chifukwa, kenako aphatikize miyezo yonse n'kupeza ya pakatikati. Akatha apo amajambula ndodo ndi mthunzi papepala mochepetsa, n'kuyeza ngodya ndi kachipangizo koyezera madigiri kamene kamakhala m'kabokosi ka masamu. Pa ndodo ya mita imodzi, madigiri 7.2 a Eratosthenes ndi mthunzi wa masentimita 12.6 okha, wosakwana theka la rula ya m'chikwama.

Chitsime cha ku Syene chili ndi abale ake m'dera lonse lotentha la dziko. Malo aliwonse amene ali pakati pa madigiri 23.4 kumpoto ndi madigiri 23.4 kummwera kwa ikweta amakhala ndi masiku awiri pachaka pamene dzuwa limadutsa paliwombo penipeni. Ku Hawaii nthawi imeneyi inapatsidwa dzina loti Lahaina Noon mu 1990, pa mpikisano umene inachititsa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Bishop Museum. Ku India akatswiri a zakuthambo analitchukitsa tsikuli m'masukulu, ndipo ku Bengaluru, chakumapeto kwa Epulo ndi chapakati pa Ogasiti, ana amaimika mabotolo ndi mapaipi padzuwa n'kumaonerera mithunzi ikulowa pansi pa zinthuzo. Mwana wa ku Paris kapena London sangazione zimenezi kwawo ngakhale tsiku limodzi.

Malawi yense ali m'dera limeneli, ndipo kutalika kwake kuchokera kumpoto kupita kummwera kumamuyenereza ntchitoyi. Dzuwa limafika paliwombo ku Karonga cha pa 19 Okutobala, ku Lilongwe cha pa 30 Okutobala, ku Blantyre cha pa 5 Novembala, kenako n'kudzadutsanso pobwerera mu Febuluwale. Chinanso n'chakuti Karonga ali pafupifupi kumpoto kwenikweni kwa Lilongwe, kulunjika bwino kuposa mmene Alexandria alili ndi Aswan. Mtunda wa pakati pawo, mowongoka osati motsata kukhotakhota kwa msewu wa M1, ndi pafupifupi makilomita 450.

Tsiku limene ndodo ya mita imodzi yasowa mthunzi ku Lilongwe, inzake ku Karonga imachita mthunzi wa masentimita 7 woloza kumpoto. Amenewo ndi madigiri 4, gawo limodzi mwa magawo 90 a mzere wozungulira. Kuchulukitsa 450 ndi 90 kumapereka makilomita 40,500, kuphonya muyezo weniweni ndi makilomita osakwana 500. Koma gulu limene lawerenga masentimita 8 m'malo mwa 7 limapeza makilomita pafupifupi 35,400. Sentimita imodzi pasimenti yadya makilomita 5,000 a dziko, ndipo mwana amene wadzionera yekha zimenezi safunanso kuuzidwa chifukwa chake ndodo iyenera kuima chilili.

Pa masiku awiri a ku Lilongwe, la mu Febuluwale limagwa m'dzinja, pamene mitambo imatha kuphimba dzuwa pa mphindi yofunikayo. La kumapeto kwa Okutobala limagwa sukulu zili m'kati mwa teremu yoyamba, thambo nthawi zambiri lili loyera. Tsiku limenelo mthunzi umasowa cha m'ma 11:30 m'mawa, choncho kalasi yofuna kuyeza iyenera kukhala itaimika kale ndodo yake pofika 11 koloko.